Bowa amadziwika ndi phazi lake

Kwathu ndi ku Dedza, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kuja kuli mapanga a zojambula za makolo zimene bungwe la UNESCO linaika m'kaundula wake mu 2006. Alendo amadzera zojambulazo, koma ife ana a kumeneko phirilo tinkalidziwira masuku, nkhuni ndi bowa. Ndili wamng'ono, dzinja lililonse ndinkalondola amayi ndi azakhali, kadengu kanga kali kumutu. Kenako sukulu ndi ntchito zinanditengera ku Lilongwe, ndipo kwa zaka 15 bowa ndinkangomuona pamsika, wozulazula kale, woikidwa m'timilu. Koma mumtima ndinkadziwerengerabe m'gulu la odziwa bowa. Maganizo amenewo ndi amene anagoneka mwana wanga m'chipatala, ndipo ndikulemba kuti zisaonekere wina.

Tinapita kumudzi kukadya Khirisimasi. Mvula inagwa masiku atatu otsatizana, tsiku lachinayi kunacha kuli ngwee. Azakhali anali atalawirira kumunda kukapalira, ndiye ndinatenga mwana wanga wamkazi, wa zaka 9 nthawi imeneyo, kuti ndikamuonetse kumene mayi ake anakulira. M'nkhalangomo sitinafikemo n'komwe. Tisanayambe chikweza, pamsipu pamene kale panali khola la ng'ombe, tinapeza bowa ali mbee, atazungulira ngati anthu oonerera gule. Zipewa zake zinali ngati mbale za ndiwo, zoyera, za timamba tofiirira pamwamba, ndipo pakhosi pa aliyense panali mkanda. Ndinati uyu ndi wa pachulu uja tinkadya kale. Ndinatulutsa mpeni n'kuyamba kudula pamwamba pa dothi kuti ndisatenge matope. Awiri okalamba kunsi kwake kunali kotuwa mobiriwira. Ndinati awa aola, n'kuwaponya kumbali. Dengu litadzaza tinabwerera kunyumba tikusangalala.

Ndinamuphika ndi tomato ndi anyezi. Fungo linali labwinobwino, kukoma kwake kwa bowa ndithu, osawawa, osayabwa kukhosi. Tinadya atatu, ine, mwanayo ndi mng'ono wanga, cha m'ma 12 koloko. 2 koloko isanakwane mwana anayamba kulira m'mimba. Posakhalitsa anayamba kusanza, kenako kutsekula kosalekeza. Ine ndi mng'ono wanga zinatigwiranso, koma ife akuluakulu tinkatha kuimirira. Mwana anangoti lefu pamphasa, milomo itauma, maso atalowa.

Azakhali atafika kuchokera kumunda sanachulutse mawu. Anasuzumira mumphika, anavundukula zotsala m'dengu, kenako anandiyang'ana.

“Mapazi ake ali kuti?”

“Ndinachita kudula, azakhali.”

“Unamupeza pati?”

“Pakhola lakale paja.”

Anangogwira pakamwa. Anatuma mnyamata kukaitana njinga zamoto, iwo n'kunyamula khasu kuthamangira kukhola kuja. Anabwerako ndi bowa awiri athunthu, ozula ndi dothi lomwe, pamodzi ndi okalamba aja ndinataya, atawakulunga m'masamba. Anati tipite nawo kuchipatala.

Kuchipatala dokotala anafunsa mafunso amene tsopano ndimawauza aliyense: munadya nthawi yanji, kusanza kunayamba nthawi yanji, wina amene wadya ndani, nanga mwabweretsa wotsala? Nditanena kuti zinayamba pasanathe maola awiri, ndinaona nkhope yake ikumasukako. Anafunsanso kawiri ngati mumphikamo munali mtundu umodzi wokha. Mwana anamuika madiripi ndipo tinagona naye kumeneko masiku awiri. Ife akuluakulu anatipatsa madzi a Thanzi kuti tizimwa pafupipafupi.

Chimene chinamasula nkhope ya dokotala ndi ichi. Bowa amene amasanzitsa msanga, pakangotha ola limodzi, awiri kapena atatu, nthawi zambiri amavutitsa m'mimba mokha. Kuopsa kwake ndi kutha kwa madzi m'thupi, makamaka kwa ana ndi okalamba, ndipo kumeneko si kuopsa kochepa. Koma bowa wakupha weniweni amayamba wakhala chete. Munthu amadya madzulo, n'kugona bwinobwino, ndipo kusanza ndi kutsekula kumayamba patatha maola 6 mpaka 24. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri zimaleka, wodwala n'kudzuka, kumwa phala, abale n'kumati wachira. Pamenepo ndiye pamafunika mwambi uja wakuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala, chifukwa nthawi yonseyo poizoni amakhala akuwononga chiwindi. Tsiku lachitatu, lachinayi kapena lachisanu maso amasanduka achikasu, munthu amasokonezeka mutu, ndipo ambiri pofika apa sabwerera. Choncho kusanza kochedwa kuyamba n'koopsa kuposa kofulumira, ndipo kupeza bwino kwa tsiku lachiwiri si chifukwa chotulukira m'chipatala. Dokotala uja anafunsa za kusakaniza mitundu chifukwa mumphika umodzi mutha kukhala wosanzitsa msanga ndi wowononga chiwindi, woyambayo n'kubisa mnzakeyo.

Amene tinadya ife, monga ndinadzauzidwa pambuyo pake ndi munthu wina amene anaphunzira za nkhalango, akatswiri amamutcha Chlorophyllum molybdites. Amakonda pakapinga, pamsipu, pamalo a ndowe ndi manyowa, ndipo kawirikawiri amamera mozungulira. Ali wamng'ono kunsi kwa chipewa kumakhala koyera, akamakula kumasanduka kobiriwira motuwa. Awiri aja ndinataya sanali owola ayi. Anali akundiuza dzina lawo, ine osamva.

Mwana atachira ndinalumbira kuti bowa wa kutchire sindidzamukhudzanso. Azakhali anakana. Anati, “Mwana wa achimwene, bowa sanalakwe. Iwe unayang'ana chipewa chokha. Munthu sumudziwa ndi chipewa. Chaka chamawa ubwere, tidzakwere.” Ndinabwera, ndipo kuyambira pamenepo dzinja lililonse ndimakwera nawo. Zimene ndikulemba m'munsimu ndi za m'manja mwawo, ndawonjezapo zimene ndinafufuza kuti ndimvetse chifukwa chake.

Chinthu choyamba chimene anachita ndi kundilanda mpeni. Anandipatsa kamtengo kosongola. Bowa amene ukufuna kumudziwa umamuzula yense, kukumba pang'onopang'ono m'mbali mwake mpaka phazi lituluke lathunthu, chifukwa zizindikiro zazikulu zili pansi pa dothi. Anapita nane pachulu china pamene panatuluka utale, nati ndikumbe. Ndinakumba, ndinakumba, phazi osatha. Linkaonda likamatsika, ngati muzu wa chinangwa chosabereka, mpaka ndinalowetsa mkono kufika m'chigongono. Kumapeto kwake kunali timatope tophwanyika ta nyumba ya chiswe. “Wa pakhola uja anali ndi mchira wotere?” Analibe. Wakewo unkathera pompo, pa kachibuluma kakang'ono kokhala pamwamba pa dothi. Ndikanangozula mmodzi yekha tsiku lija, ndikanadziwa kuti si wa pachulu.

Mchira umenewu uli ndi chifukwa chake. Bowa wa pachulu ndi munda wa chiswe. Chiswe chimatuta udzu ndi timitengo, kutafuna, n'kuunjika m'zipinda za pansi, ndipo pa zimenezo pamamera nkhungu yoyera imene chimadya. Mvula ikagwa, nkhunguyo imatumiza bowa kumwamba, ndipo iye amaboola dothi lolimba ndi kansonga kolimba kamene kamatsalira pakati pa chipewa. Ndiye wa pachulu weniweni umamudziwa ndi zinthu ziwiri pamodzi: mchira wotsikira kunyumba ya chiswe, ndi pakati pa chipewa polimba potukuka. Nthawi zina chulu sichioneka pamwamba, nyumba ya chiswe ili pansi pa munda, koma mchirawo umakhalapo. Utale ndi nyonzwe ndi a banja limeneli. Manda, timabowa ting'onoting'ono tija timangoti mbwee pa dothi limene chiswe chatulutsa, nato ndi ta chiswe, ngakhale ito tilibe mchira wautali, ndipo timazula ndi azakhali okha chifukwa timabowa ting'onoting'ono toyera ndi tambiri m'tchire. Ku Zambia kuli wina wa banja lomweli amene chipewa chake chimatha kufika mita imodzi.

Pa ndelema ndi pamene azakhali anachedwa nane kwambiri, ndipo nanenso ndichedwapo. Ndelema ndi ndiwo ya Khirisimasi kwathu, amatuluka mu Disembala ndi Januwale, pansi pa mitengo ya chilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku. Amayamba ngati dzira loyera lokwiririka theka m'dothi. Dziralo limang'ambika, iye n'kutuluka, chigoba chake n'kutsalira kuphazi ngati kathumba. Chipewa chikatambasuka chimakhala chachikulu, choyera m'mbali, chofiirira pakati, choterera kukagwa mvula, ndipo m'mphepete mwake muli timizere tosaya tolunjika pakati, ngati munthu wakanda ndi chipeso. Kunsi kwake nkoyera, pakhosi pali kansalu kolendewera.

Vuto ndi lakuti ndelema, amene akatswiri amamutcha Amanita zambiana, ndi mbale wake wa bowa amene wapha anthu ambiri kuposa wina aliyense padziko, Amanita phalloides. Nayenso amatuluka m'dzira, ali ndi kathumba kuphazi, kansalu pakhosi, kunsi koyera. Chipewa chake nthawi zambiri chimakhala chobiriwira mwachikasu, koma chimatha kuyereratu, ndipo m'mphepete mwake mulibe timizere ta chipeso tija. Kwawo ndi ku Ulaya, koma anafalikira ndi mitengo yobwera mpaka ku South Africa, ku Australia ndi ku America. Theka la chipewa chimodzi limatha kupha munthu wamkulu, ndipo poizoni wake satha ndi kuwiritsa, kukazinga, kuyanika kapena mchere. Ndikunena izi makamaka kwa abale athu amene ali ku Joni, ku Cape Town kapena ku Britain. Mukaona chofanana ndi ndelema pansi pa mitengo ya kumeneko, m'paki kapena m'mphepete mwa msewu, chisiyeni. Maso amene anaphunzira m'miombo ya kwathu amagwira ntchito m'miombo ya kwathu.

Ngakhale kwathu komweko, azakhali ali ndi malire awo. Ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza kuli zigawo za paini wobzala, mtengo umene kwawo si kuno. Wotchuka uja wa masamba olendewera, Pinus patula, anachokera ku Mexico. Mitengo yobwera imabwera ndi bowa wake, amene agogo athu sanamudziwe. Tikafika pamene miombo yathera n'kuyamba paini kapena bulugamu, azakhali amatembenuka. Pansi pa paini m'mayiko athu ano pamamera wina wofiira psuu wa madontho oyera, amene amaledzeretsa, kusanzitsa ndi kusokoneza mutu. Madonthowo amatha kukokoloka ndi mvula, iye n'kutsala wofiira bwino ngati ena odyedwa a m'miombo. Ndikudziwa kuti alipo anthu amene amadya mitundu ina ya m'paini ndipo amaidziwa. Ine sindinaiphunzire, choncho sindiitola.

Manyame ndi amene ndimamasuka nawo kwambiri, ndipo ndi amene ndingauze wophunzira kuyamba nawo, ali ndi womuonetsa. Amachuluka dzinja likakhwima, Januwale mpaka Malichi, achikasu, ena ofiirira, ooneka ngati kafanulo. Kunsi kwake kulibe timasamba topyapyala tothothoka. Kuli timitsempha tochindikala togawikana, totsika mpaka pa mwendo, ngati makwinya. Ukamung'amba amang'ambika mizeremizere ngati nyama ya nkhuku yophika, ndipo ali ndi kafungo ka chipatso. Amamera pa dothi, pansi pa mitengo ya chilengedwe. Wooneka chimodzimodzi koma womera mothinana pachitsa kapena pa chipika chowola, ameneyo si manyame.

Palinso ena otuluka mkaka ukawathyola, ena ophwanyika ngati choko. Ina mwa mitundu imeneyi azakhali amadya atawiritsa n'kutaya madzi oyamba. Ine sindinafike pamenepo. Mitundu imene ndimazula ndekha ndi inayi basi, ndipo sindichita nazo manyazi. Chenjeraninso ndi mayina: dzina limodzi limatha kutanthauza bowa wina ku Dedza, wina ku Zomba, wina ku Mzimba. Munthu akakuuzani pafoni kuti “chipindi amadyedwa”, sanakuuzeni kuti chimene chili m'manja mwanucho ndi chipindi cha kwawo. Chimodzimodzi kujambula chipewa n'kutumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti anthu akuuzeni. Chithunzi sichionetsa phazi, fungo, mtengo umene uli pafupi kapena dothi. Amene wayankha kuti “idyani” sadzakhala nanu kuchipatala.

Pali zikhulupiriro zimene ndinakula nazo ndipo ndimazimvabe, zimene zimandiwawa mtima chifukwa zikhoza kupha. Ati bowa wodyedwa ndi mphutsi kapena nkhono ndi wabwino. Si zoona, tizilombo ndi nkhono zimadya ngakhale wakupha uja, matupi awo si athu. Ati ukaona anyani akudya, nawenso idya. Sunaone kuti nyaniyo zinamuthera bwanji mawa lake, ndipo sudziwa ngati wadya mtundu womwe watola iwe. Ati wapoizoni amawawa kapena amanunkha. Wathu uja anali wokoma, ndipo amene anapulumuka kwa wakupha uja amanena kuti nayenso amakoma. Ati ukawiritsa n'kutaya madzi poizoni amatha. Zimathandiza pa mitundu ina yochepa yodziwika, koma kwa wowononga chiwindi sizichita kanthu. Ati patsani galu kapena mphaka ayambe. Poizoni wochedwa uja adzayamba kuoneka pa galuyo inu mutadya kale. Ndipo mkaka si mankhwala a bowa. Kumwetsa wodwala mkaka n'kumadikira kumangotaya maola amene akanakhala ali m'manja mwa dokotala.

Njira imodzi yothandizadi ndinaiphunzira kwa munthu wa za nkhalango uja. Dulani chipewa, muchivundikire pa pepala, kunsi kwake kuyang'ane pansi, muphimbe ndi mbale, chigone usiku. Mmawa mudzapeza kaufa kamene kagwa, kamene ndi mbewu zake. Ndinayesa ndi wa pakhola uja chaka chotsatira, kaufa kake kanali kobiriwira, kosabisika. Wa pachulu kake kamakhala koyera mofiirira pang'ono. Koma njira imeneyi ndi mboni imodzi chabe: ndelema kake nkoyera, mbale wake wakupha uja kakenso nkoyera.

Zikachitika kuti wina wadwala atadya bowa, onse amene adya apite kuchipatala, ngakhale amene sakumva kanthu. Tengani zotsala za mumphika, zosaphika, ngakhale zosenda za kudzala. Kumbukirani nthawi imene munadya ndi imene zinayamba. Panjira wodwala azimwa madzi a Thanzi pang'onopang'ono ngati akutha kumeza. Mukafika nenani poyera kuti ndi bowa, musachite manyazi monga ndinatsala pang'ono kuchitira ine. Matenda otsekula m'mimba nthawi ya mvula ndi ambiri, ndipo mukabisa, dokotala akhoza kulondola njira ina.

Za ulendo weniweniwo sindichulutsa. Timanyamuka mame asanaume, masiku awiri kapena atatu mvula yabwino itagwa, ndipo sitikwera mmodzimmodzi. Ndodo ndi yofunika povundukula masamba, chifukwa mphiri imagona phee pamalo omwewo. Chifunga chikayamba kutsika kapena mabingu akayamba, timatsika, dengu lidzaze lisadzaze. Timanyamulira m'dengu, osati m'jumbo, mmene bowa amachita thukuta n'kuphwanyika, ndipo ngakhale wodyedwa akaola amadwalitsa. Wokayikitsa timamukulunga payekha m'masamba, asakhudzane ndi wodyedwa. Tikazula timakwirira dzenje, okalamba timawasiya kuti amwaze mbewu, ndipo chulu sitigumula. Ngati ndi nkhalango ya boma, ndi bwino kufunsa a zankhalango a m'deralo za malamulo ake. Wotsala timamufutsa: kuwiritsa pang'ono ndi mchere, kuyanika pathandala mpaka aume gwa, n'kumanga m'chikwatu cha masamba a msuku, kuti tidzatendere m'chilimwe. Wofutsa kapena wodulidwadulidwa sazindikirikanso, choncho ku tauni ndimagula wathunthu, kwa mayi mmodzi amene ndamuzolowera, ndipo ndimasanthula mmodzimmodzi ndisanaike mumphika.

Chaka chatha azakhali anandionetsa kachigwa kamene ankazulako ndelema kuyambira ali mtsikana. Tinapeza zitsa zokhazokha ndi maenje akuda a uvuni wa makala. Panalibe ngakhale mmodzi. Ndelema ndi manyame amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yamoyo. Iwo amathandiza mtengo kukoka madzi ndi chakudya cha m'nthaka, mtengo n'kumawapatsa chakudya chimene masamba apanga. N'chifukwa chake sungawalime m'matumba monga bowa wa oyisitara uja, ndipo mtengo ukagwa nawonso amapita. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti miombo ikamatalikira, anthu amayamba kutola za pafupi, za pamsipu, za m'paini, za kuseri kwa khola, monga ndinachitira ine. Tsiku limenelo tinayenda ola lina lathunthu kuti tifike pamene mitengo idakalipo.

Mwana wanga uja tsopano ali ndi zaka 13, ndipo amakwera nafe ndi kamtengo kake kosongola. Tikafika kunyumba sitipita kukhitchini. Timakhuthula zonse pamphasa, panja powala, azakhali n'kukhala pansi kutambasula miyendo. Amanyamula mmodzimmodzi, kumutembenuza, kuyang'ana phazi, kununkhiza, n'kufunsa mwanayo kuti, “Uyu unamupeza pansi pa mtengo wanji?” Akalephera kuyankha, bowayo salowa mumphika ngakhale aoneke bwino chotani. Pamakhala milu itatu: wa lero, wofutsa, ndi wa chirombo pamodzi ndi onse amene tawakayikira. Mulu wachitatuwo mwanayo amakautaya yekha m'dzenje kuseri kwa nkhokwe n'kukwirira ndi dothi, chifukwa pakhomopo pali ana okwawa.